Mabango a Alamu Anga

Alamu anga a Ezron Sakala anali munthu wotopetsa, Mulungu andikhululukire. Ukangoti, "Mwadzuka bwanji, alamu?" iwo n'kuyamba za nyanja yamchere, yopanda tsidya, imene anawoloka pa sitima nthawi ya nkhondo atawatenga usilikali. Anzawo anabwerako ndi nsapato zazikulu ndi nkhani za mfuti, koma iwo anabwerako ndi nsomba m'mutu. Ine ndinkawaseka pamaso: "Alamu, kodi akulu anga anakwatiwa ndi munthu kapena ndi nkhanu?" Iwo n'kuseka mpaka kutsokomola, kenako n'kupitiriza pomwe anasiyira.

Tinachoka kwathu ku Katete mu 1951, a ku mishoni atawapatsa kasukulu ka ku Bundabunda. Akulu anga a Tisauke anatsata mwamuna wawo, ndipo ine Dailes ndinatsata akulu anga chifukwa ukwati wanga unali utatha, ndipo sindinkafuna kumamuona galu uja tsiku ndi tsiku. Alamu analibe pepala la uphunzitsi. Nyumba imene tinkagonamo inali ya sukulu, kamunda kakuseri n'ka sukulu, ndipo nthaka yonse kuzungulira inali ndi eni ake obadwira pomwepo. Ife tinali alendo. Sukulu ikanawachoka m'manja, denga ndi chakudya zikanachoka tsiku lomwelo. Koma kwa iwo nkhani sinali denga. Munthu uja ankangofuna kuima pamaso pa ana n'kumalankhula, ndipo tsiku loti sukulu yatsekera ankayenda pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira.

Sukuluyo ndikuuzeni: makoma a dothi, udzu pamwamba, mitengo yogoneka pansi ndiyo mabenchi, ndi masileti ochepa oti ana azilimbirana. Mabuku kunalibe. Ndiye alamu anatenga chimene anali nacho chambiri, nyanja yawo ija, n'kuithira m'phunziro lililonse.

Pa masamu ankati kuli chilombo cha m'madzi cha mikono isanu ndi itatu. Ankaimika ana anayi motsamirana misana, onse akugwedeza mikono, n'kunena kuti ndicho chimenecho. Akaimika china pambali pake ankafunsa kuti mikono yakhala ingati, ana n'kumawerenga akuseka mpaka kugwa. Pophunzira kulemba, ana ankalemba pa mchenga mayina a nsomba zouluka ndi nkhanu zoyenda cham'mbali. Dongo limene anyamata ankaumbira ng'ombe linayamba kutulutsa nsomba za mano. Pa nthawi yolimbitsa thupi, ana ankagwirana manja n'kumathamangira kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo, ati ndiwo mafunde. Tsiku lina anaba mchere wa akulu anga, n'kuusungunula m'phale, n'kuuika padzuwa kuti ana aone madzi akuthawa mchere n'kutsala. Tinadya ndiwo zosakolera sabata yonse, ndipo ndinawauza kuti akanyambite phale lawolo.

Koma zoona ndinene, ana ankaphunzira. Aja oti makolo ankachita kuwakoka khutu ankafika dzuwa lisanatenthe. Ngakhale atsikana anayamba kubwera. Panali kamtsikana kena dzina lake Mainess, mwana wa a Jethro, mlimi wa tsidya la dambo. Kanali kochepa thupi, ka mpata m'mano, kosatha mafunso. Alamu ankati akanakhala ndi ana khumi otere akanafa osadandaula. Iwo eni mwana analibe. Akulu anga anali atataya mimba kangapo, ndipo m'chaka cha 1953 anali ndi ina imene tonse tinkaiopa kuitchula.

Woyang'anira sukulu m'malo mwa a ku mishoni anali a Lawson, mkulu wa mpingo, mwini nthaka weniweni. Munthu wa mawu ofewa, womwetulira ngakhale akukukana. Akabwera ankayamikira kuti, "Ba Ticha, mwatibweretsera nzeru." Koma kunyumba kwawo kunali mphwawo Sanford, amene anali atamaliza Sitandade Sikisi n'kumangokhala pakhonde atavala nsapato, ntchito palibe. Ine nsapato zimenezo ndinkaziona, ndipo sizinkandisangalatsa.

Chimene chinatigwetsa ndi namgumi. Alamu anauza ana kuti ali pa sitima anaona chinsomba chotchedwa namgumi chikutuluka m'madzi, chikupopera madzi m'mwamba kuchokera pamutu. Mainess anafunsa kuti, "Ba Ticha, chipambana ng'ombe ya atate?"

"Ng'ombe ya atate ako ingakhale ndiwo zake za m'mawa," anatero alamu.

Ana anakana kuti sizingatheke. Ndiye iwo anatenga phulusa n'kujambula chinsombacho pabwalo la sukulu mmene chilili, mutu pafupi ndi khomo, mchira kukafika ku mtengo wa msuku. Zinatsala n'kuchiyeza, ndipo choyezera panalibe. Anatuma ana kudambo kuti aliyense akadule bango.

Ine ndinkabwera kumsewu kumene ndinkagulitsa zitumbuwa, dengu lili pamutu. Nditakhota pa ngodya ya sukulu, ndinaona zoopsa. Ana anali chigonere chagada pansi, manja m'mbali, ndipo alamu ankayenda ndi mpeni, kugoneka bango pambali pa mwana, kulidula lilingane naye kuyambira kuphazi mpaka kumutu, kenako kulemba dzina lake pa bangolo ndi waya wamoto.

Aliyense wobadwa kwa mkazi akudziwa kuti munthu amayezedwa ndi bango kamodzi kokha. Akamwalira, okumba manda amadula bango lolingana ndi mtembo, n'kupita nalo kumanda kuti dzenje lisachepe, ndipo bangolo limatsala komweko. Kwathu n'chimodzimodzi, kuno n'chimodzimodzi.

Ndinawakokera kuseri. "Alamu, mutu wanu uli bwino? Ana a eni mukuwayeza ngati mitembo?"

"Mlamu, awa ndi masamu," anatero akuseka. "Tilumikiza mabangowa kuyambira kumutu mpaka kumchira, tione kuti namgumi ndi ana angati. Mwana sangaiwale chinthu chimene wachiyeza ndi thupi lake."

"Yezani ndi chingwe! Yezani ndi mapazi! Yezani ndi mutu wanu waukuluwo!"

"Zamakedzana izo. Bango ndi udzu chabe."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la alamu linali lachikopa. Anayeza chinsomba chawo, ana anavina m'mimba mwake, ndipo pomaliza anamanga mabango onse mtolo umodzi n'kuupachika kudenga la sukulu. Ati pakutha pa chaka adzagonekanso ana aja kuti aliyense aone mmene wakulira. Ana kunyumba anakasimba za chinsomba, za mabango sanazione ngati nkhani.

Nyengo yotentha itafika, kunabwera chikuku. Chinalowa nyumba ndi nyumba, ndipo woyamba kupita anali Mainess.

M'mawa wa maliro tonse tinali kwa a Jethro, amayi m'nyumba ndi pakhonde, abambo pansi pa mtengo. Alamu anali pakati pa abambowo, maso ali psuu, chifukwa mwana uja anamulira ngati wawo. Mmodzi wa okumba manda anaimirira n'kunena kuti wina athamangire kudambo akadule bango. Pamenepo kamtsikana kena, kamnzake ka Mainess, kamene kanali pamiyendo pa amayi ake, kanalankhula ndi mtima wofuna kuthandiza:

"Osavutika. Bango la Mainess liliko kale ku sukulu. Ba Ticha anadula kalekale. Na langa liliko."

Iii! Nyimbo inaduka pakati. A Jethro anadzuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana alamu, kenako anauyamba wa ku sukulu, anthu onse pambuyo pawo. Anatsitsa mtolo uja n'kuumasula pabwalo. Amayi anaugwera akulira, aliyense kufuna la mwana wake, koma ambiri sankadziwa kuwerenga. Ankachita kukoka ana awo kuti, "Werenga apa, ni ndani uyu?" Ndipo ana aja, amene alamu anawaphunzitsa zilembo, ankawerenga mayina awo omwe mokweza, mosalakwitsa.

Alamu anayesa kufotokoza. Analoza phulusa lija, limene linali likuonekabe, n'kumati chinsomba, masamu, kukula kwa ana. Palibe anawamva. Amayi anangoima ndi mabango m'manja osadziwa chochita nawo. Kulithyola, ankaopa kuti mwana athyoka. Kuliwotcha, ankaopa kuti thupi la mwana litentha. Ena anakawabisa pansi pa mphasa, ena anakawabwezera kudambo n'kuwazika m'matope ngati angaphukenso. La Mainess anapita nalo kusiwa, n'kuligoneka pambali pake, ndipo linalingana ndendende. Likanaleka bwanji kulingana? Koma anthu anati, "Mwaona?"

Sabata isanathe kunamwaliranso mwana wina. Masiku amenewo kunali mphekesera za banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo n'kukawagulitsa kwa azungu kuti akawachotse magazi. Ndiye zinangogwirizana: mlendo, woti anayenda ndi azungu kutsidya la madzi, wasunga miyeso ya ana athu kudenga. Sukulu inatsala mitengo yokhayokha. Zitumbuwa zanga ndinkabwerera nazo zonse. Alamu ankasesabe m'kalasi m'mawa uliwonse, n'kuliza chitsulo, n'kuima pakhomo kuyang'ana njira.

Kenako a Lawson anabwera masana ena, n'kukhala pa mpando, n'kulandira chakumwa cha munkoyo ndi manja awiri.

"Ba Ticha, ine nifuna kukuthandizani," anatero. "Anthu akwiya cifukwa aona monga muwapusitsa. Nsomba yaikulu kupambana nyumba, ndani angavomere? Pa Sondo muimirire m'chalichi, ana alipo, munene kuti zonse zija zinali nthano cabe, mupepese. Munthu wodzicepetsa samenyedwa. Ine nizakamba na a ku mishoni, sukulu izatseguka."

"Koma ndinachiona, a Lawson," anatero alamu. "Ndi maso angawa."

"Nikudziwa, nikudziwa. Koma mufuna nsomba kapena mufuna ana?"

Atachoka, ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za nsapato za Sanford, koma akulu anga anandidula. "Iwe khala chete, ulibe mimba." Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo, ndakwirira ana angati? Uyu mukufuna ndikamubalire pamsewu chifukwa cha nsomba? Nenani zimene akufunazo. Nsombayo sikumvani, ili kutali."

Alamu anagwira mutu. Kenako anati, "Bola ana abwerere."

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka ena kusuzumira m'mawindo. Ana anawakhazika kutsogolo, pansi. Alamu anavala jekete lawo la usilikali, limene akulu anga analisita ndi makala. Anaimirira n'kunena motsitsa kuti anachimwa, anauza ana zinthu zosaona.

"Kwezani mawu, ba Ticha, akumbuyo samva," anatero a Lawson mwaulemu. "Tiyeni cimodzi-cimodzi, kuti mitima ya ana iyere. Cilombo ca mikono eyiti?"

"Bodza."

"Nsomba zouluka monga mbalame?"

"Bodza."

"Madzi a mcere opanda tsidya?"

Apa alamu anayang'ana akulu anga, amene anali atagwira mimba yawo ndi manja onse.

"Bodza."

"Nanga cinsomba cija munajambula na phulusa?"

"Kulibe chinsomba chotero. Ndinangopeka."

Ine ndinkayang'ana ana. Ena anatsegula pakamwa. Kamnyamata kena kanaseka, kenako kanaona kuti palibe wina akuseka, n'kuyamba kulira. Mtima wanga unawawa, koma ndinati basi, zatha, munthu wadzivula pagulu, amusiya.

Pamenepo a Jethro anaimirira kumbuyo. Sanakalipe. Mawu awo anali a munthu amene sanagone chifereni mwana wake, ndipo ndikhulupirira kuti ankafunadi kudziwa.

"Ba Ticha, tsiku lija munatiuza kuti munayeza ana cifukwa ca nsomba. Lelo mwakamba pamaso pa Mulungu kuti nsomba kulibe. Manje niuzeni. Ngati nsomba kulibe, mwana wanga munamuyezera ciani?"

Alamu akanati chinsomba chilipo, ndiye kuti anama m'nyumba ya Mulungu. Akanati kulibe, ndiye kuti bango lija linali la manda. Anatembenukira kwa a Lawson ngati mwana wofuna amayi ake. A Lawson anali atatsegula buku la nyimbo, akunyowetsa chala ndi malovu, kufunafuna tsamba. Njoka ya munthu! Mpaka lero palibe angandiuze kuti sankadziwa kumene funso lija lidzatulukire.

Anthu anawakokera alamu panja ndi kolala ya jekete lomwelo. Anawamenya amuna amene dzulo lake ankawavulira chipewa, ndipo amayi anawathira dothi kumaso. Ine ndinalumphira pakati n'kuluma mkono wa wina, sindikudziwa wa yani, ndipo ndikanapeza wina ndikanalumanso. Akulu anga ankangokuwa kuti, "Wanena zimene munafuna! Wanena!" A Jethro sanaponye dzanja. Anakhala pa chitsa akulira, ndipo iwo okha ndi amene sindinawasungire mkwiyo. Alamu anatayapo mano awiri akutsogolo, ndipo khutu lamanzere silinamvenso.

A ku mishoni sanabwere n'komwe. Anangotumiza mawu kuti mphunzitsi wovomera yekha kuti amanamiza ana sangakhale pa sukulu ya mpingo. Tikumanga katundu, Sanford anali ataima kale pabwalo ndi nsapato zake ndi chikwapu, akulamula ana kuti asese phulusa lija ndi kuphwanya nsomba zadongo zimene zinali pakhonde. Ana ankaziponda ndi zidendene. Tikudutsa, palibe mwana anati pitani bwino. Mmodzi anakuwa kuti, "Ba Bodza!" anzake n'kulandira.

Tinayenda wapansi kulowera ku Chongwe, alamu atasenza mphasa ndi mapoto, ine ndikugwiriza akulu anga. Tinakapeza malo pa famu ya fodya ya mzungu wina, m'komboni ya antchito, ndipo m'kanyumba kodontha ka kumeneko ndi mmene akulu anga anachirira. Mwanayo anakhala moyo, mnyamata, tinamutcha Teddy.

Alamu anawapatsa ntchito yosonkhezera moto m'nyumba zoumitsira fodya. Anaigwira bwino, osadandaula, osachedwa. Sankamwa mowa, sankamenya mkazi. Koma munthu amene ankatitopetsa ndi nkhani uja anangoti zii. Ndinkawaputa dala kuti, "Alamu, nkhanu zija zili bwanji?" iwo n'kudzuka kukawaza nkhuni. Kapitawo atamva kuti anali mphunzitsi, anawapempha kuti madzulo aziphunzitsako ana a m'komboni. Iwo anati, "Mwamva molakwa. Ine sindidziwa kulemba." Mwana wa eni akawayandikira ankasuntha, manja ali kumbuyo.

Ndi Teddy yemwe anali chimodzimodzi. Ankamugulira malaya, ankamusiyira nyama m'mbale, koma sanamuphunzitsepo ngakhale kuwerenga zala zake. Mwana wa mphunzitsi anafika msinkhu woyamba sukulu osadziwa kuti dzanja lili ndi zala zingati. Zimenezo zinandinyansa. Tsiku lina mu 1959 ndikusenda mtedza naye pakhonde, ndinamuuza zonse: kuti atate ake anakwera sitima yaikulu kuposa nyumba zoumitsira fodya, kuti anaona madzi opanda tsidya ndi chinsomba chopopera madzi kumwamba. Maso a mwanayo anakula. Anandifunsa mafunso mpaka ine kusowa mayankho, n'kumuuza kuti akafunse eni ake.

Alamu akubwera kuntchito, akuda bii ndi utsi, Teddy anawathamangira n'kuwagwira mwendo.

"Atate! Atate! Amayi aang'ono akuti munaona nsomba yoposa nyumba! Inali ndi mano? Munaopa? Ndiuzeni!"

Alamu anaima. Anamuyang'ana mwanayo. Ine ndinasiya kusenda, n'kumapemphera mumtima kuti nenani, alamu, nenani, uyu ndi wanu, palibe angakulandeni. Anakweza dzanja ngati amusisita kumutu, kenako analibweza kumbuyo.

"Amayi ako aang'ono amanama," anatero. "Ine sindinachokepo pamtunda."

Analowa m'nyumba. Teddy anabwerera pakhonde, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kukoka lichero lake la mtedza kukakhala nalo patali ndi ine.